Alendo, Mupita Liti Kwanu?

Amayi anga,

Kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Ndikufunsa ngati mungayankhe, chifukwa muli kuno pakamwa panu sipankatsekeka, ndipo sindikhulupirira kuti mwaphunzira kukhala chete kumeneko. Ife tilipo. Chiperoni chatigwira masiku atatu, phiri silikuoneka n'komwe, matewera ali pachingwe chinyowere. Makina osokera ndawasiya ku Nkando lero, ndani angabwere kudzayesa diresi kozizira chonchi? Ndang'amba mapepala apakati m'kope la mdzukulu wanu Tadala kuti ndikuuzeni za kuno, poti chaka chatha ndi miyezi iwiri chipitireni ndipo nkhani zaunjikana.

Ndiyambe ndi ya mwana. Mimba ija munaiona inu ine ndisanauze munthu, mukundiyang'ana m'khosi n'kunena kuti, "Estere, mango osapsa wayamba kuwakonda liti?", inabadwitsa mtsikana. Tinamutcha dzina lanu, Rozina. Ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri, ndipo amalongolola kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa popanda womuyankha. Bambo ake, a Jonasi, akuti tinalakwitsa dzina, tikanasankha la munthu wofatsa. Tadala ali sitandade 5 tsopano, watalika, ndipo chitenje chanu chobiriwira chija ndinamusokera diresi ya kutchalitchi. Musakwiye, ndinasiyako kachidutswa.

Chimanga cha kumunda wa kumtsinje sichinachite bwino, madzi anakhalitsamo. Koma nandolo, Amayi! Nthambi zikuchita kugwada. Mbuzi yanu yakuba ija inaswa mapasa, ndipo onse awiri atengera make: sabata yatha anadya theka la makaka a chinangwa omwe tinayanika pathandala. Amayi aang'ono a Elube anayesa kuphika nyemba za kalongonda mmene munkachitira inu, kuwiritsa tsiku lonse n'kumataya madzi, koma anatopa msanga. Tinadya, tinagona masana onse ngati oledzera, ndipo mpaka lero iwo akuti vuto linali nkhuni.

Nkhani yeniyeni ndi ya abambo, ndipo khalani pansi.

Chikuikireni m'manda, abambo anasiya kuseka. Sankadwala, sankadandaula, ankadya, ankapita kumunda. Koma m'mawa ankakhala pampando wawo pansi pa mpeyala, kapu ya tiyi m'manja, akuyang'ana khomo la khitchini. Ine ndinkadziwa chomwe ankadikira. Zaka makumi anayi, m'mawa uliwonse, inu munkatuluka pakhomo limenelo manja ali m'chiuno n'kunena kuti, "Alendo, mwadzuka? Mupita liti kwanu?" Iwo osatembenuka n'komwe ankayankha kuti, "Mawa, ndikamwa tiyi." Tili ana tinkaona ngati ndi moni wa anthu onse okwatirana. Ndinazindikira nditakula kuti munkawaseka ukamwini wawo, munthu woti anabwera pamudzi pano ali mnyamata ndi njinga ndi bulangete limodzi, namanga nyumba zitatu pa nthaka ya akuchikazi. Inu mutapita, funso lija linasowa wolifunsa, ndipo tiyi ankazizira m'kapu.

Titakolola chimanga, amalume a Benesi anabwera kudzanena kuti nthawi yakwana yoti abambo asudzulidwe. Sananene mwankhanza, mukuwadziwa achimwene anu, anachita kuvula chipewa. Mwambo ndi mwambo: mkazi akamwalira, mkamwini amamasulidwa kuti abwerere kwawo. Anaika tsiku, natumiza uthenga kwa abale a abambo kutsidya kwa Muloza. Ine ndinkayesa kuti abambo akana. M'malo mwake anapita ku Nkando kukagula tayala la njinga, anachapa thumba lawo lakale, naikamo jekete, Baibulo ndi mpeni uja ankaphikira kunyumba kwa bwana wa kuesiteti. Thumbalo analikoleka kuseri kwa chitseko.

Ndinawagwadira, Amayi. Ndinati, "Abambo, kumeneko mukakhala ndi ndani? Achemwali anu anamwalira, otsala ndi ana oti amakudziwani pa maliro pokha." Anandiyankha kuti, "Mwanawe, ine pano ndinabwerera mayi ako. Mayi ako kulibe. Ndizikhalira chiyani pa nthaka ya eni?" Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukalira. Ndinali nditaika kale kholo limodzi m'manda, ndipo linalo ndinkaona kuti ndilitaya lili moyo.

Ndinamuimbira Limbani ku Joni. Mwana wanu uja mukumudziwa, vuto lililonse amafuna kulithetsa ndi katundu. Patatha milungu iwiri basi inatsitsa katoni: kanema wamkulu ngati chitseko cha kabati, batire la sola, ndi kabokosi kokoka mafilimu pa intaneti. Si za ku vidiyo sho zija munkatiletsa zija ayi. Izi umasankha wekha, ndipo zilipo zambirimbiri moti nthawi yosankha imaposa yoonera. Limbani anati, "Achemwali, madala akufunika kuseka basi. Ndakusankhirani masewero oseketsa a mabanja, amene anthu akuwakonda dziko lonse. Muziwaikira Lamulungu lililonse mukaweruka kutchalitchi." Ine ndinati chabwino, dziko lonse silingalakwe.

Amayi, dziko lonse likhoza kulakwa.

Ndikuuzeni mmene masewero amenewa alili, poti inu ndinu amene munkadziwa kuseketsa anthu. Banja limakhala m'nyumba yoti palibe amene amasesa koma ndi yoyera. Bambo wa m'nyumbamo amakhala chitsiru nthawi zonse, sadziwa ngakhale pomwe pali masokosi ake. Mayi ndi wanzeru koma wotopa. Ana ndiye eni khomo: kamwana kosafika m'chiuno kamayankha bambo ake ngati mnzake wa kumpira, kenako n'kumenyetsa chitseko. Ndinamuyang'ana Tadala n'kumuuza kuti, "Ukangoyesa." Sewero lina likatha n'kuyamba lina, nkhope zimasintha koma banja ndi lomwelo, ngati mayunifolomu a sukulu imodzi. Ndipo nthabwala yake umaionera patali ikubwera, ngati minibasi pa msewu wa ku Thuchila, mpaka umatopa kuidikira. Ine ndine telala, ndimadziwa chovala chosokedwa mothamanga. Misoko yake imaonekera kunja.

Chomwe chinawakwiyitsa amayi aang'ono ndi kuseka. Munthu akangoyankhula, gulu la anthu osaoneka limaseka, ngakhale wangoti wafika. Lamulungu loyamba anapirira, lachiwiri anafunsa kuti, "Kodi anthu akusekawa akhala pati? Banja likukangana, iwo m'malo moleretsa akuseka?" Tadala anawafotokozera kuti kusekako anakujambula kale, amangokuthira pamwamba. Amayi aang'ono anaomba m'manja. "Ndiye kuti nthabwala zake n'zofuna feteleza?" Ine nditatchera khutu ndinapeza kuti pali mayi mmodzi woseka mokoka mpweya ngati nkhuku ya chitopa, ndipo ali m'masewero atatu osiyana. Ameneyo ndiye amagwira ntchito kuposa onse.

Ya a Jonasi ndiye mukanafa nayo kachiwiri. Mukukumbukira mmene ankakuthawirani? Zaka khumi ndi ziwiri ali mkamwini wanu, akakuonani panjira ankalowa m'chinangwa, inu n'kumakuwa kuti, "Uzani apongozi anga kuti njoka za m'menemo n'zanga, asaziponde!" Tsono m'sewero lina mkamwini analowa m'nyumba ya apongozi ake aakazi osagogoda, nawakumbatira, nawapsompsona patsaya, natsegula firiji yawo n'kuyamba kudya chiimirire. Gulu lija linaseka. A Jonasi anadzuka mwakachetechete nati akukaona mbuzi. Mbuzi zinali zomangirira pomwepo pabwalo, tonse tikuziona.

Ndisanamize, si zonse zoipa. Lilipo lina la ku dziko lina la kuno ku Africa, la mabanja awiri okangana pokonza ukwati, limene linandiseketsa ndithu, chifukwa azakhali ake ankafanana ndi anthu oti ndimawadziwa. Ndipo n'zabwino kuti ambiri mwa masewerowa ungaonere pamodzi ndi ana osagwira rimoti mwamantha. Koma ngakhale abwinowo ali ndi matenda amodzi: mkangano uliwonse umatha tiyi asanazizire. Akalakwirana, kanyimbo kachisoni kamalira, amapepesana, amakumbatirana, basi. Inu ndi amayi aang'ono munakhala miyezi itatu osayankhulana chifukwa cha sefa, ndipo nkhani imeneyo ikutiseketsabe mpaka lero.

Abambo ankakhala nafe, chipewa pabondo, maso pa kanema, nkhope ngati ali pa mlandu. Masabata atatu osamwetulira. Thumba lili kuseri kwa chitseko, tsiku likuyandikira.

Lamulungu lachinayi kunabwera azimayi anzanu a kumpingo asanu, ena ndi zidzukulu, moti kanema tinamutulutsa pakhonde. Chizungu cha m'masewerowa n'chothamanga, ndiye anamuuza Tadala kuti azimasulira. Mwana anayesetsa, koma anali kuphonya. Mwadzidzidzi abambo anati, "Sananene choncho." Tonse tinatembenuka. Tinali titaiwala kuti munthuyu anaphikira azungu zaka makumi awiri, Chizungu cha m'nyumba amachimva kuposa aphunzitsi. Anayamba kumasulira iwo, mawu ndi mawu, molondola. Gulu la m'kanema linkaseka, ife pakhonde tili duu. Atamasulira nthabwala zinayi popanda woseka, anapukusa mutu. "Mwaona? Mulibe mchere. Tadala, tazimitsa mawuwo."

Tadala anazimitsa. Pa kanema panali bambo wonenepa atagona pa sofa, ndipo mkazi wake anatulukira pakhomo la khitchini, naima, manja m'chiuno. Abambo anakonza kukhosi. Ndiye ndinamva mawu anu, Amayi. Osati ofanana ndi anu, koma anu enieni, okwera kumapeto, ndi kamphuno kaja.

"Alendo, mwadzuka? Mupita liti kwanu?"

Ndipo ngati anapangana, bambo wa pa sofa uja anatambasula dzanja n'kunyamula kapu. Abambo anabwerera ku mawu awo, aulesi aja: "Mawa, ndikamwa tiyi."

Amayi aang'ono ndiwo anayamba. Anakuwa kuti "Mayo ine, achemwali!" n'kugwera chagada pamphasa, miyendo m'mwamba, mayi woti amatsogolera nyimbo kutchalitchi. Azimayi aja anagwirana, wina anathawira kuseri kwa nyumba atagwira chitenje. Rozina anadzidzimuka kumsana n'kuyamba kukuwa nawo. Ine ndinkaseka misozi ikutsika, osadziwa kuti iyi ndi ya kuseka kapena ya maliro, ndipo sindinafune kudziwa. Nditayang'ana abambo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Ankaseka, Amayi, mano onse asanu ndi limodzi ali panja.

Sanalekere pomwepo. Sewero lonse analitembenuza. Azungu aja kaya ankakangana za chiyani, koma kwa ife inakhala nkhani ya sefa. Mayi woyandikana naye nyumba atalowa ndi mbale, abambo anamupatsa mawu a amayi aang'ono: "Achemwali, sefa ija inali yobooka kale." Mkazi uja atatukula nsidze, mawu anu: "Inde, sefa imakhala yobooka, koma osati polowa mutu wa mwana!" Kamnyamata kamwano kaja anakasandutsa Limbani akupempha ya sopo. Mawu anu onse anawasunga, ngakhale amene ine ndinawaiwala. Uja munkanena mlendo akachedwa kutsanzika, "Mphasa yathu ili ndi ulimbo, pepani." Uja munkatiuza tikadzuka mochedwa, "Dzuwa lafunsa za inu, ndati munasamuka." Chaka chonse ali chete pansi pa mpeyala, kani ankakubwerezani mumtima.

Kuyambira tsiku limenelo, Lamulungu masana pakhomo pano pamadzaza. Ena amachokera kutsidya kwa msewu atanyamula timipando tawo. Mawu a kanema sitinawayatsenso. Limbani nditamuuza anakhumudwa: "Achemwali, ine ndinasankha masewero apamwamba, inu mukuonera opanda mawu?" Ndinati, "Achimwene, zithunzi zake n'zabwino kwambiri, tikuthokoza." Ndapeza kuti sewero likakhala lopanda pake ndi pamene abambo amalikometsa, chifukwa anthu ake amangotambasula manja ndi kutong'ola maso, ndiye mawu aliwonse amalowa.

Koma thumba silinachoke kuseri kwa chitseko. Ndinkaliyang'ana tsiku ndi tsiku. Ndinkaopa kufunsa.

Tsiku losudzula linafika, Loweruka la mwezi wathawu. Kwawo kwa abambo kunabwera mphwawo, a Arimando, mwana wa achemwali awo aja, ndi akuluakulu awiri pa njinga zamoto. Tinaphika thobwa, tinapha nkhuku zitatu. Tinakhala pabwalo, akuchikazi uku, akuchimuna uko. Amalume anayankhula bwino. Anati munthuyu anabwera ndi manja awiri ndipo manja amenewo tawaona ntchito yake, mlongo wathu anamusunga mpaka tsiku lomaliza, ife tilibe naye mangawa, kuyambira lero ndi womasuka. A Arimando anathokoza, nati nyumba yoti akafikire yakonzedwa kale. Abambo anaomba m'manja, anathokoza mbumba yonse mmodzimmodzi, kenako anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi thumba paphewa.

Ndinafuna kuyankhula koma pamwambo wotere mwana alibe mawu. Tadala anandigwira dzanja mondipweteka.

Ndiye amayi aang'ono anadzuka. Mng'ono wanu yemwe uja ankakudzudzulani kuti mumaseka ndi mwamuna ngati msuweni wanu. Anayenda mpaka pakhomo la khitchini yanu, anatembenuka, naika manja m'chiuno. Mawu awo sankafanana ndi anu ngakhale pang'ono, koma anakuwa kuti mudzi wonse umve.

"Alendo! Mupita liti kwanu?"

Abambo anaima pakati pa bwalo. Anayang'ana khomo lija nthawi yaitali, anayang'ana ine, anayang'ana Rozina ali kumsana akudya chibakera chake. Kenako anatsitsa thumba pansi pang'onopang'ono.

"Mawa," anatero. "Ndikamwa tiyi."

Mbali yathu yonse inaphulika. Nthungululu, kuseka, kulira, amalume akupukuta maso ndi chipewa. A Arimando, osadziwa kanthu, anadabwa kuti chosangalatsa n'chiyani, nati, "Palibe vuto, amalume, tigona konkuno, tinyamuka mawa." Apo ndiye anthu anagubuduka. Amalume a Benesi anakokera a Arimando pambali kukawafotokozera kuti mawa limeneli lakhala likubwera kwa zaka makumi anayi, ndipo anawonjeza kuti mwambo wachitika, womasulidwa ali ndi ufulu wopita kapena kukhala, ndipo ngati ana ndi mbumba akumufuna, iwo sangathamangitse munthu amene akuyankhulira mlongo wawo.

M'mawa mwake ndinawapangira tiyi, ndikuopabe kuti mwina nthawi ino akunena zoona. Anamwa mpaka kutha. A Arimando anali atapukuta kale njinga yamoto. Abambo anawaitana, nawagwira dzanja, ine ndikumva ndili pakhomo. "Mphwanga, wandichitira ulemu, ndipo ndidzabwera kudzacheza. Koma taganiza. Kwathu kuja ndikakayankhula mawu a mkazi wangayu, ndani akamudziwe? Azikangoti mkuluyu wazungulira mutu. Kuno ndikangotsegula pakamwa, mudzi wonse umati, 'Ndi Rozina ameneyo.' Ndingamusiye bwanji kumene akumudziwa?" Atatero anatenga dengu n'kupita kukathyola nandolo.

Thumba lija ndinalimasula ndekha. Jekete ndinalipachika, mpeni uli kukhitchini, ndipo thumbalo tikusungiramo makaka kuti mapasa a mbuzi yanu asawapeze.

Ndiye zili choncho, Amayi. Masewero a masiku ano ndi ozizira, koma sindingawanyoze kwambiri, poti anatibwezera abambo, ndipo inu anakubwezerani pakhonde Lamulungu lililonse, mutavala tsitsi lachizungu ndi nsapato zazitali. Mukanadziona! Sabata yatha munayendetsa galimoto mukukalipira a Jonasi kuti atuluke m'chinangwa.

Ndakusowani kwambiri, ndipo ndimakukondani monga kale. Funso lanu lija ndalitenga ine. M'mawa uliwonse ndimatuluka pakhomo la khitchini manja m'chiuno n'kuwafunsa alendo athu, iwo n'kundiyankha osatembenuka. Ndikukulonjezani kuti sindidzadumphitsa tsiku, ndipo Rozina akangoyamba kuyankhula ndidzamuphunzitsa kuti azifunsa iyeyo, poti pakamwa pake ndi panu kale.

Ndine mwana wanu,
Estere